Sitampa Yopanda Chidindo

Ntchito yanga kuno ku Canada ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Kumudzi amayi amauza anthu kuti ndine nesi, ndipo ine ndinatopa nako kuwakonza. Chaka china kuntchito ananditumiza ku Oshawa, kwa madala ena achizungu amene anagwira ntchito moyo wawo wonse pa fakitale ya magalimoto. Ine ndimakhala ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana zija, choncho katatu pa sabata ndinkakwera basi, kenako sitima, kenako basi ina, n'kukafika kwa madalawo mphuno itauma ndi chisanu.

Tsiku loyamba anandifunsa kwathu. Ndinayankha nditakonzekera kale kufotokoza, chifukwa kuno ukati Malawi wina amafunsa ngati ndi ku Mali, wina amakuuza mosangalala kuti mlamu wake anapitako ku Kenya. Koma madalawo anangokweza chala, n'kunena kuti, "Nyasaland." Ndinangoti kakasi, thaulo lili m'manja. Dzina limenelo ndinalimva komaliza kwa aphunzitsi a Sitandade 6, amene ankatiphunzitsa mbiri ya dziko lathu kamtengo ka pichesi kali m'manja.

"Tiyeni kuchipinda chapansi ndikakuonetseni," anatero madalawo.

Ndinawauza kuti ayambe asamba ndi kumwa mankhwala. Anandiyang'ana ngati ndawalanda mbale ya ndiwo, koma anasamba.

Chipinda chapansicho anachisandutsa nyumba yosungiramo masitampa. Pachitseko panali chikwangwani cholemba okha, mkati munali makabati odzadza ndi mabuku omatamo masitampa, dziko lililonse ndi malo ake. Patebulo panali buku la alendo. Ndinatsegula, ndipo alendo ake anali atatu: munthu wokonza mapaipi, munthu wokonza makina otenthetsera nyumba, ndi mwana wawo wamkazi amene analemba kuti, "Adadi, chonde tsukani makapu." Ine ndinasaina wachinayi. Lamulo linali limodzi: sitampa sigwiridwa ndi zala, pali kachitsulo kake kopanira. Ine amene ndinali nditangowatsuka kumsana ndi kumapazi, sanandilole kukhudza kapepala kochepa ngati chikhadabo.

Anatsegula buku la dziko lathu, n'kundipatsa galasi lokulitsira zinthu. Tsamba loyamba kunali mfumu ya ku Mangalande, pambali pake nyalugwe ataima pamwala, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Masamba otsatira anali a nthawi ya Chitaganya, mutu wa mfumukazi uli pakona.

"Taonani, dzina la dziko lanu analiika kumapeto," anatero madalawo.

"Agogo athu ankadandaulanso zomwezo," ndinawayankha.

Kenako dzina linasintha n'kukhala Malawi, panabwera nkhope ya pulezidenti woyamba, mtengo wa sitampa unachoka ku makobiri a Mngelezi n'kupita ku tambala, ndipo pambuyo pake kunangodzadza mbalame, nsomba ndi agulugufe. Madalawo anati dziko likasintha mwini, sitampa ndiyo imayamba kuulula, chifukwa imafika kumene mwini dzikoyo sadzapondako. Ndisaname, zinandipweteka. Mbiri imene ine ndinakwapulidwira chaka chathunthu osaimvetsa, ndinaimvetsa m'theka la ola, pansi pa nyumba ya munthu amene sanalawepo nthudza.

Tsamba lomaliza linali lopanda kanthu. Madalawo anati masitampa onse a Malawi anachita kugula kwa ogulitsa, ndi oyera bwino, koma sanayendepo. Chimene ankafuna ndi envulopu imodzi yokha imene inayendadi pa positi kuchokera ku Malawi, yokhala ndi chidindo cha positi ofesi pamwamba pa sitampa, chosonyeza malo ndi tsiku. Anawonjeza kuti nthawi yawathera. Mwana wawo anali atagulitsa kale nyumbayo, pakatha masabata khumi iwo apita kukakhala kunyumba ya okalamba, ndipo mabuku onsewo adzawatenga anthu a kanyumba kena kosungirako zinthu zakale. Sankafuna kuti buku la Malawi lipite ndi tsamba lopanda kanthu.

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndi matenda akumtundu.

"Envulopu imodzi yokha? Madala, musandiseketse. Ndili ndi sutikesi yodzadza makalata ochokera kwa amayi anga. Lachitatu ndikubweretserani khumi kuti musankhe nokha."

Maso awo anawala, mpaka supu ya tsiku limenelo anaimaliza osakangana nane.

Sindinaname za sutikesiyo. Amayi anga amalemba makalata mpaka lero, ngakhale kuti mlongo wanga ali ndi foni ndipo timaimbirana sabata iliyonse. Iwo amati foni ndi ya moni ndi maliro, nkhani yeniyeni imafuna pepala. Nditafika kunyumba ndinakoka sutikesiyo pansi pa bedi, n'kukhuthulira makalata onse pamphasa. Yoyamba inalibe sitampa. Yachiwiri inalibe. Ndinayamba kuwatembenuza mofulumira ngati munthu wosaka chiphaso pabwalo la ndege. Pakona pamene pamakhala sitampa, kalata iliyonse inali ndi mawu awiri olembedwa ndi dzanja la amayi, atatsekedwa mzere kawiri kunsi kwake: "By hand."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kukumbukira mmene iliyonse inabwerera. Iyi inabwera ndi dikoni wina amene anapita kukaika bambo ake. Iyi inabwera ndi mtsikana wodzaphunzira ku yunivesite, amene sindinkamudziwa n'komwe koma ndinakamuchingamira ndi jekete. Iyi inayenda ndi apongozi a nesi wina wa ku Chipata, inadutsira ku Lusaka, n'kufika itaderera mafuta a nsinjiro. Ife kuno munthu akangonena kutchalitchi kuti wabuka tikiti yopita kumudzi, basi wasanduka basi ya katundu, popita ndi pobwera pomwe. Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti pali chachilendo.

Lachitatu ndinapita ku Oshawa chimanjamanja, manyazi ali tho. Ndinawafotokozera madalawo zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha ngati kwathu kuli positi ofesi.

"Iliko, yokongola ndithu, ya njerwa zootcha."

"Ndiye kuti kwanu aliyense ndi positi ofesi payekha," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Kusekako kunandiwawa kuposa kukalipa. Ndinawalonjeza kuti envulopuyo ibwera ndithu, ndipo tsiku lomwelo ndinaimbira mlongo wanga.

"Achimwene, mverani bwino. Amayi alembe kalata, chilichonse, ngakhale moni chabe. Mupite pa positi, mugule masitampa okongola, mumate, muposite. Keyala yanga muli nayo."

"Kuposita kwake kotani, asisi? Mwalakwira boma kumeneko?"

Ndinawafotokozera za madalawo ndi buku lawo. Mlongo wanga anati wamva, ndisadandaule, izi ndi zazing'ono. Munthu akakuuza kuti izi ndi zazing'ono, uyambe kuda nkhawa.

Patatha masabata awiri foni inalira. Anali mayi wina wa kumpingo kwathu kuno, wamkulu ndithu, wamvano, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi.

"Mwanawe, ndafika bwino, ndege yatera dzulo masana. Ndili ndi katundu wako wochokera kwa mayi ako. Usavutike kubwera, ndibwera ndekha Loweruka ndidzaone pamene umakhala."

Mtima wanga unangoti phwii. Komabe wonyamula kalata sakanidwa. Umamuphikira, umamupatsa mpando wabwino, ndipo akati akufuna madzi umadziwa kuti atsegula yekha firiji kuti aone zimene zilimo. Mayiwo anabweradi, anaona firiji, anaona bafa, anapititsa chala pamwamba pa kabati, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu. Atatha kudya ndipamene anatulutsa phukusi. Munali mfutso, nsinjiro, ndipo pakati penipeni, itakulungidwa m'mapulasitiki awiri kuti isanyowe, munali envulopu. Keyala yanga inalembedwa bwinobwino. Pakona panali masitampa asanu a mbalame, omatidwa mowongoka ngati ana asukulu pamzere. Chidindo panalibe.

"Mayi ako anati masitampa okongola chonchi sangawasiye m'manja mwa anthu osawadziwa, angawadetse ndi inki," anatero mayiwo, akudzithira tiyi wina.

Ndinapita nayobe ku Oshawa. Madalawo anaiyang'ana ndi galasi lawo, anaitembenuza, anainunkhiza, n'kufunsa kuti ndi fungo la chiyani. Ndinati ndi masamba a nyemba oumitsa. Anati ndi envulopu yabwino, yayenda mtunda wautali, koma ilibe umboni woti yayenda. Anandibwezera mwaulemu. Pakona ya chipindacho panali patayamba kale kuunjikana makatoni, ndipo masabata anali atatsala asanu ndi awiri.

Ndinaimbanso kumudzi, ulendo uno nditapsa mtima.

"Achimwene, ndinati muposite."

"Asisi, musashaute. Ngati vuto ndi chidindo, ahedi a pasukulu pano ali nacho, chachikulu bwino, chamtundu wa papo. Tilemba ina, adinda, ndipo mwezi wamawa pali m'busa akubwera kumeneko."

"Ndipatseni amayi."

Ndinamva foni ikuyenda kudutsa nkhuku, kenako mawu a amayi.

"Iwe, katundu wafika?"

"Wafika, amayi, zikomo. Koma ine ndinapempha kuti kalatayo iyende pa positi."

"Pa positi pamene munthu akupita komweko? Munthu wamaso ake, wamiyendo yake? Anthu akamva kuti mayi aja anyamuka ine osawapatsira kanthu, aziti ndakangana nawe."

"Amayi, nkhani ndi ya chidindo. Madala aja akufuna envulopu yoyenda yokha."

"Yoyenda yokha ikaona chiyani kumeneko? Mayi aja andiimbira kale. Akuti wawonda, m'firiji muli mazira ndi anyezi basi, ndipo umadya utaimirira ngati kondakitala. Sitampa ikanandiuza zimenezo?"

Apa ndipamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi amayi samanditumizira makalata okha, amanditumizira ndi mboni zomwe. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinalankhula mmene sindinalankhulirepo ndi mayi wondibala.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, amayi. Mayi aja anabwera tsiku limene ndinali ndisanashope. Ine ndine munthu wamkulu, sindikufuna apolisi m'nyumba mwanga. Ndakupemphani chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, ndipo mwandichititsa manyazi pamaso pa munthu wokalamba."

Pafonipo ndinamva tambala akulira chapatali, ndipo ndinayamba kuchita mantha.

"Chabwino," anatero amayi. "Mzungu wakoyo aipeza kalata yake. Ndipita ndekha."

Zimene zinachitika pa positi ndinazimva kwa mlongo wanga, amene anawaperekeza. Akuti anavala chitenje chatsopano, anakwera kabaza mpaka pa boma, n'kukaima pawindo ngati abwera kudzayendera ntchito. Kalaliki atadinda, amayi anaitanitsa envulopuyo, anaiyang'anitsitsa, n'kunena kuti tsiku silikuoneka bwino, adindenso pambali. Anadindanso. Kenako anamufunsa kalalikiyo dzina lake, mudzi wake ndi mpingo wake, kuti kalatayo ikasowa adziwe kokamupeza. Atapeza kuti mayi ake a kalalikiyo anaimba nawo kwaya imodzi kalekale, mtima unakhala pansi, koma sanachoke mpaka ataona ndi maso awo envulopuyo ikulowa m'thumba.

"Ndiye alembamo zotani?" ndinafunsa.

"Sanandionetse. Analemba okha masiku awiri, chitseko chili chotseka."

Kenako kunali kudikira. M'nyumba zathuzi mabokosi a makalata amakhala pansi, pafupi ndi khomo lolowera, ndipo langa ndinkalitsegula kamodzi pamwezi kuti nditaye mapepala otsatsa pitsa. Tsopano ndinkalitsegula m'mawa ndi masana, mpaka mayi wina wa pansanjika yathu anandifunsa ngati ndikudikira mapepala a ukwati. Ku Oshawa makabati ankangotha limodzilimodzi. Mabuku a mayiko ena onse analowa m'makatoni, koma la Malawi madalawo analisiya patebulo. Sanandifunsenso ngakhale kamodzi. Anangondipempha kuti ikabwera ndisaitsegule mmene ndimatsegulira mapaketi a shuga, ndi mano. Kusafunsa kwawoko kunkandidya mumtima, ndipo ndikatsika kuchipindako ndinkazemba kuyang'ana patebulopo.

Inafika kutatsala masiku anayi kuti asamuke. Ndinaipeza pakati pa pepala la pitsa ndi la munthu wogulitsa nyumba, itapindika pang'ono pakona, ndi masitampa atatu a nsomba ndi zidindo ziwiri zakuda bii, dzina la boma lathu likuwerengeka bwinobwino. Ndinalulutira pang'ono pakhomo pomwepo, mwakachetechete, chifukwa kuno phokoso amaitanira apolisi. Tsikulo silinali langa lopita ku Oshawa, koma ndinakwera sitima, envulopuyo ili m'kati mwa Baibulo kuti isapindikenso.

Tinatsikira kuchipinda chapansi chija, ndipo ndinawapatsa madalawo envulopuyo. Anayatsa nyale, anayendetsa galasi pa chidindo choyamba, kenako pa chachiwiri, n'kufunsa chifukwa chake zinali ziwiri. Nditawauza, anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti mayi ameneyo akanakhala kapitawo wabwino pa fakitale. Anatenga kampeni kopyapyala, n'kung'amba m'mphepete mwa envulopuyo pang'onopang'ono. Munatuluka masamba awiri a m'kope, olembedwa mbali zonse.

"Tawerengani timve," anatero.

Ndinayamba kuwerenga chamumtima kuti ndidziwe chomasulira, ndipo mzere woyamba womwe unandiuza kuti zinthu zavuta. Kalatayo sinali yanga. Inayamba ndi mawu akuti, "Okondedwa Bambo a masitampa."

Amayi anayamba ndi moni wautali, anafunsa za miyendo yawo, anawathokoza chifukwa chondisunga bwino pantchito, anawauza za mvula ya chaka chatha ndi mbuzi imene inabereka atatu. Zimenezo ndinamasulira mosavuta. Zotsatira zake ndinaziwerenga ndekha, n'kupinda pepalalo.

"Akuti Mulungu akudalitseni kumene mukupitako. Basi."

Madalawo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Masamba awiri, mbali zonse, ndipo inu mwamasulira tsamba limodzi losakwana. Kapena chilankhulo chanu chimafuna tsamba lathunthu kuti chinene kuti Mulungu akudalitseni?"

"Zinazo ndi za pabanja."

"Kalatayo ndi ya ndani?"

Walira mvula walira matope. Ndinafunyulula pepalalo, n'kumasulira zonse, mzere ndi mzere, osasiya kanthu. Amayi analemba kuti:

"Bambo, mwafuna kalata yoyenda yokha, nayi. Ndalembera inu chifukwa ndikalembera iyeyo amangondiyankha kuti chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho chakwana kasanu ndi kanayi tsopano. Inu nkhope yake mwaiona sabata ino. Ine ndimachita kufunsa kwa anthu apaulendo. Akuti wayamba imvi kutsogoloku, sindikudziwa ngati n'zoona. Pamasitepe a tchalitchi Lamulungu lapitali anachita kundigwira mkono, ndiye sindikudziwa kuti miyendoyi yatsala ndi maulendo angati. Ndaona kuti inu amakumverani, mpaka wandikalipira ine mayi wake chifukwa cha envulopu yanu. Poti ndinu wamkulu, muuzeni abwere mvula isanayambe. Musamuuze mokalipa, ndi wamtima wapachala, anatengera ine."

Nditamaliza ndinalira pamaso pa munthu amene ndinabwera kudzamusamalira. Madalawo sanandiyang'ane. Anatenga envulopuyo, anaiika pa tsamba lomaliza lija, analemba timawu kunsi kwake ndi pensulo, n'kutseka bukulo. Kenako anakankhira masamba awiri aja kwa ine.

"Yanga ndi envulopu, iyo isungeni inu. Mvula kwanu imayamba liti?"

"Novembala."

"Ndiye ndakuuzani, ndipo sindinakalipe."

Ndinapinda kalatayo n'kukwera kukhitchini kukawatenthetsera supu. Supuyo isanawire ndinaimba foni kuntchito kupempha tchuthi cha mwezi wa Okutobala.